Mbiri yanga, gawo 7: Chingwe cha ku tchalitchi

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndinakusiyani m'malere. Mayi a ku Mzuzu amene munafunsa ngati nyimbo za achimwene zilipo, zilipo ndithu, koma mumve kaye mmene zinajambulidwira.

Tinalekezera pomwe ndinalowa m'kanyumba kakuseri kaja ku Area 25, nditagula interface (kabokosi kolowetsa mawu a maiki mu kompyuta) ndi maiki ya mtundu wa condenser kwa mnzanga wa kiyibodi uja. Ndalama zinathera pomwepo. Za mawaya sindinaziwerengere, ndinkati waya ndi waya basi. Ndinatsikira ku Malangalanga, mnyamata wina wa pabenchi n'kundipatsa chingwe cha XLR (pulagi ya maiki ya mapini atatu) mbali imodzi, mbali inayi kajaki ka 3.5 mm konga ka mahedifoni, kuphatikizapo adaputa yokakulitsa kufika 6.35 mm. "Biggie, izi zimalowa paliponse." Kulowa zinalowadi. Koma maiki zii.

Masiku atatu ndinkamutukwana mnzangayo chamumtima kuti wandigulitsa chakufa. Aise, ndikudziwa umawerenga, pepa. Condenser imadya magetsi a 48V ochokera mu interface, ndipo magetsiwo amafuna chingwe cha XLR uku ndi uku, cha mapini atatu. Ku bowo la jaki safikako.

Ndisanazitulukire zimenezi, achimwene anabwera kuchokera ku Kawale Loweruka m'mawa, atangotuluka m'chipatala sabata yomweyo. Jekete yawo ija inkaoneka ngati yobwereka. Anati, "Mng'ono wanga, lero ndili ndi mphamvu, tijambule." Ndikanawabweza bwanji? Ndinathamangira ku tchalitchi kukabwereka maiki ya dynamic, yosafuna 48V, pamodzi ndi chingwe chake chachitali, cha jaki ya kamzere kamodzi kakuda. Chotsala ndinachikulunga pansi pa tebulo, pamwamba penipeni pa extension.

Nditavala mahedifoni ndinaumva. Mng'ung'udzo wapansipansi, hmmmm, wosalekeza. Achimwene anandiyang'ana, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Zili bwino?" Ndinagwedeza mutu. Ndinkaopa kuti ndikayamba kufufuza, mphamvu zawo zithera m'kudikira. Anaimba nyimbo zitatu atakhala pa chigubu cha madzi, pakati pa vesi amaima n'kugwira pachifuwa. Ndinawauza kuti tidzabwereza akachira. Anaseka pang'ono, osayankha.

Patatha miyezi iwiri tinakawaika kumudzi ku Dedza.

Ndinadzamvetsa mochedwa kuti jaki ya kamzere kamodzi ndi unbalanced: chingwe chikatalika chimatola phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kwathu kuno ndi a 50 Hz. Cha balanced chimatenga mawu pa mawaya awiri, phokosolo n'kufafanizika pofika ku interface. Ndayesa kulidula ndi EQ (chida chochepetsera kapena kukwezera mbali zina za mawu) usiku wosawerengeka, koma limabwereranso pa 100 ndi pa 150 Hz, pomwe pali besi ya achimwene. Ukachotsa phokoso, wachotsanso chifuwa chawo.

Alamu, munanena pasiwa paja kuti ndinkatopetsa wodwala ndi zidole zanga. Ndinakhala chete chifukwa cha malo. Achimwene anabwera okha, pa minibasi, ndi ndalama yawo. Ndipo chaka chatha ndinu munatuma mwana kudzapempha nyimbozo pa flash.

Zaka zinayi zinadutsa ndisanajambulenso munthu. Chingwe chija ndinabweza Lamulungu lotsatira, osanena kanthu. Kumapeto kwa nyimbo yachitatu, pamwamba pa hmmmm uja, achimwene amatsokomola kawiri n'kufunsa kuti, "Wagwira?"