Homuweki ya ku tchalitchi mu wodi ya abambo

Lamulungu lapitalo, nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo wathu anatipatsa homuweki. Anati sabata ino Mkhristu aliyense alankhule ndi munthu mmodzi za Yesu, ndipo Lamulungu linalo adzabwere naye. Atawerenga mawu a pa Mateyu 28 otituma kwa anthu a mitundu yonse, anandiloza ine uku akumwetulira: "Anzathu a kuchipatala ndiye muli ndi mwayi, anthu amachita kukupezani okha." Tchalitchi chonse chinaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma mawuwo anandikhala pamtima njira yonse yobwerera kunyumba.

N'zoona, amandipeza okha. Koma amandipeza atagona chagada, kanyula ili pamkono. Mayi wogulitsa tomato pamsika ukamulalikira zomutopetsa amakuuza kuti gulani kapena pitirirani. Wodwala sangandiyankhe choncho, chifukwa akudziwa kuti jakisoni wake wa 2 koloko ali m'manja mwanga. Ndikati tipemphere avomera, ndikati landirani Yesu avomeranso, ndipo sindingadziwe ngati wavomera Yesuyo kapena wavomera yunifomu yangayi. Zaka 11 za unamwino zandiphunzitsa kuopa "inde" wa munthu amene ali pa bedi.

Lolemba homuwekiyo sinapeze n'komwe pokhala. Tinalandira wodi 7:30 m'mawa, anamwino awiri okha, mabedi onse odzaza, ena atagona pa matiresi pansi. Dzina la Mulungu ndinalitchula kamodzi tsiku lonse, pamene mtsempha wa agogo a pa bedi 3 unandithawa kachitatu. Agogowa anali ochokera cha kunyanja, miyendo yotupa chifukwa cha mtima, kofia kumutu, mikanda yopempherera ili m'dzanja lomwe sindinkabayalo. Wowadikirira anali mdzukulu wawo, kamnyamata ka Fomu 2. Ndinayesa Chiyao changa chopempha: "Ajimwiche uli, anganga?" Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza mdzukuluyo kuti nesi uyu Chiyao chake n'chogula pa golosale.

Lachiwiri masana anabwera naye mnyamata wa zaka 26, atamunyamula anthu awiri. Mutu ukumuwawa kwa masabata atatu, khosi louma, akulankhula zosagwirizana. Nditatsegula buku lake la kuchipatala ndinaona kuti anayamba ma ARV mu 2021, ankalandira bwinobwino, kenako masamba opanda kanthu kwa miyezi 8. Mayi ake anayamba azungulira, kenako ananena. Mneneri wina anamupempherera n'kumuuza kuti wachira, ndipo kuti aonetse chikhulupiriro akataye mankhwala m'chimbudzi. M'chikwama anali ndi botolo la madzi odzozedwa, ogula ndithu, ndipo ankamuwaza nawo pachipumi ife tikuona.

Adokotala anati pakufunika kutenga madzi a pamsana kuti tidziwe chomwe chaumitsa khosi. Mayiwo anakana kwamtuwagalu. "Amene mumawabaya pamsana sabwerera kumudzi ndi moyo." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo sindiwaseka, chifukwa anthuwo maliro anawaonadi. Chomwe sanaone n'choti odwala ambiri otere amafika kwa ife mochedwa, matenda atalowerera kale, singanoyo imangosenza mlandu. Ndinafotokoza zonsezi, mayiwo ali duu, maso ali pa botolo lawo. Kwa iwo ine ndinali wa mbali inayo, ya anthu ophunzira amene amanyoza pemphero.

Ndinakhala nawo pansi pa khonde, n'kunena kuti, "Amayi, inenso ndimapemphera. Ndine wa Mvano, Lachinayi ndikakhala kuti sindili pantchito mudzandipeza nditavala zoyera." Anandiyang'ana koyamba m'maso. Ndinawafunsa ngati akukumbukira zaka zija ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, pamene akalipentala a m'mbali mwa msewu anasiya kukhoma mipando n'kumangokhoma mabokosi. Anati akukumbukira, anaika azichimwene awo awiri. Ndinati ife nthawi imeneyo tinkagwada m'matchalitchi kupempha Mulungu kuti mankhwala apezeke, ndiye lero atapezeka tikawataye m'chimbudzi m'dzina la Mulungu yemweyo? Sanayankhe. Patapita kanthawi anangoti, "Mukakhalepo inuyo pomubayapo." Ndinakhalapo, nditamugwira mapewa. Zotsatira zinaonetsa cryptococcus, matenda omwe amapezerapo mwayi chitetezo chikatsika kwambiri. Tinamuyambitsa mankhwala a m'dripi omwe amanjenjemeretsa wodwala, pamodzi ndi mapiritsi a fluconazole.

Panalinso kovuta kena. Pa matenda amenewa ma ARV sitiyambitsanso nthawi yomweyo, timadikira masabata anayi kapena kuposerapo, apo ayi ubongo ungatupe munthu n'kutisiya. Tangoganizani kufotokozera mayi amene mwangomudzudzula chifukwa chosiyitsa mwana mankhwala, kuti panopa asamwe kaye. Anandifunsa mochenjera: "Ndiye mneneri uja sananame?" Ndinachita kujambula masiku pa pepala.

Lachitatu magetsi anazima kawiri, jenereta inachedwa, ndipo tinathamangira kwa omwe ali pa oxygen. Pa tiyi ndinalakwitsa kuuza clinical officer wathu za homuweki ija. Iye anakulira mu Katolika, ankatumikira pa guwa ali mwana, koma anasiya kalekale. "Musavutike Sisitala, mmodzi wanuyo ndine. Mungondigulira chipisi ndi Fanta, ndidzakhala kutsogolo." Ndinamuuza kuti Yesu sagula anthu ndi chipisi. Anati nanga anthu 5,000 aja anawadyetsa chiyani. Munthu ameneyu Baibulo amalidziwa kuposa madikoni ena, ndipo ndikuganiza kuti tsiku lina adzandifunsa funso lenileni. Silinali tsiku limenelo.

Lachinayi ndiye linandionetsa zinthu ziwiri motsatizana. Nthawi yoona odwala masana kunabwera amayi a Mvano a mpingo wina wapafupi, malaya oyera, masiketi akuda, mipango yoyera kumutu. Anayamba afika kaye pa tebulo lathu kupempha chilolezo. Anayenda bedi ndi bedi kusiya sopo, kapaketi ka shuga ndi mchere, osafunsa kuti mumapemphera kuti. Pa bedi 3 mmodzi anagwada n'kupereka moni kwa agogo aja, iwo n'kulandira sopoyo ndi manja awiri. Anaimba nyimbo imodzi chapansipansi, kupemphera mwachidule, n'kutuluka. Ena mwa odwala ankayankhira nyimboyo ali chigonere.

Sipanathe mphindi 20, analowa bambo wina wa suti yonyezimira, kasipika kali m'khwapa. Osapereka moni kwa aliyense, anayamba kukuwa za moto wosazima. Mnyamata wa mutu uja anagwira makutu n'kumabuula, chifukwa phokoso ndi kuwala kwa wodwala ameneyu zili ngati misomali. Mlalikiyo ataona kofia ya agogo analunjika pomwepo, n'kuima kumutu kwawo: "Bambo, mawa si lanu! Siyani zomwe mukupembedzazo lero lomwe!" Mdzukulu uja anangozyolika. Ndinapita n'kuzimitsa kasipikako ndekha, n'kumuuza kuti atuluke.

Pakhomo anatembenuka. "Inu ndinu Mkhristu?" Ndinati inde. "Ndiye mukutseka pakamwa pa Mulungu. Magazi a nkhalamba iyo adzafunsidwa m'manja mwanu." Ndisaname, zinandilasa. Mawu amenewo ndi a m'buku la Ezekieli, ndimawadziwa, ndipo ndinakulira m'nyumba momwe ankawatenga mwamphamvu. Ndinabwerera kukagawa mankhwala manja akunjenjemera.

Unamwino wanga ndinauphunzira ku sukulu ya mishoni, komwe tsiku linkayamba ndi mapemphero. Zipatala ngati Nkhoma, Mulanje Mission, Malamulo, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe zinamangidwa ndi mipingo, ndipo Dr Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, anali mbusa komanso dokotala. Choncho palibe angandiuze kuti chikhulupiriro ndi chipatala n'zosayenderana, m'dziko muno zinabwerera limodzi. Koma mphunzitsi wathu wina wachikulire ankakonda kutiwerengera 1 Petro 3:15, n'kuima pa mbali ziwiri: yakuti tiziyankha amene watifunsa za chiyembekezo chathu, ndi yakuti tiziyankha mofatsa. Ankati mukhale okonzeka, koma mulole munthu afunse. Ena anganene kuti kumeneko n'kubisalira, ndipo nthawi zina kumakhaladi kubisalira, poti kukhala chete n'kosavuta kuposa kulankhula. Ine ndekha ndimadziwa masiku omwe munthu anandipatsa mpata ine n'kuuzemba chifukwa cha manyazi. Koma za kasipika zija ayi.

Lachisanu ndinalowa naiti, ya lokamu, poti mnzathu wina mwana wake anadwala. Cha m'ma 10 koloko agogo aja anayamba kubanika. Tinawakweza kumutu, kuwonjezera oxygen, kuwapatsa Lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, koma adokotala atawaona anandiyang'ana mwa njira ija timayang'anirana. Agogowo anadziwanso. Anandikoka mkono n'kunena mawu omwe sindinawamve, mdzukulu n'kumasulira akulira: akufuna shehe. Foni ya mwanayo inalibe mayunitsi. Ndinamupatsa yanga, anaimbira achibale, achibalewo n'kupeza shehe wa pa mzikiti wa pafupi ndi msika, amene anafika pa njinga pasanathe ola. Anandipempha kuti tiwatembenuze ayang'ane cha kumpoto, komwe kuli Makka. Tinakankha bedi, ine ndi wothandizira mu wodi, n'kuika chotchingira. Shehe ankawanong'oneza m'khutu, iwo akugwedeza milomo.

Nditaima kunja kwa chotchingiracho, mawu a mlaliki uja anabweranso. Nayi nkhalamba ikupita, ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti Yesu ndi Mpulumutsi, ndipo chomwe ndachita n'kupereka mayunitsi oitanira shehe. Ndinapemphera chamumtima, kuwapereka m'manja mwa Mulungu amene amawadziwa kuposa ine. Kupitirira apo sindinathe, ndipo sindikuganiza kuti ndikanayenera. Masiku asanu onse anali ndi mpata wondifunsa, tinkaseka limodzi, sanafunse. Kuwalowerera pa mpweya wawo womaliza kukanakhala kuba. Komabe sindikunena kuti mtima unakhala m'malo. Anatisiya kusanache, ndipo achibale anabwera m'mawa kwambiri kudzatenga thupi kuti akaike tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo. Mdzukulu uja anandibwezera K500 ya mayunitsi. Ndinakana, iye anaisiya pa tebulo n'kuthamanga.

Loweruka usiku wodi inali chete, kupatula kutsokomola. Cha m'ma 2 koloko ndikusintha dripi ya mnyamata uja, ndinamva, "Sisitala." Kanali koyamba kulankhula zomveka. Mayi ake anali mtulo pa chitenje pansi pa bedi.

"Amayi akuti inuyo mumapemphera."

"Ndimapemphera, achimwene."

Anakhala kaye chete. "Ndiye mundiuze zoona. Mulungu wandikwiyira? Papa anati ndikadzabwereranso ku mankhwala ndiye kuti ndakayika, ndipo wokayika salandira kanthu."

Ndinakoka kampando. Ndinamuuza kuti sindine mbusa, koma ndimuuza zomwe ndimakhulupirira. Kuti Yesu mwini anati ofuna sing'anga ndi odwala, ndipo sananene monyoza asing'angawo. Kuti Luka, wolemba Uthenga Wabwino uja, Paulo amamutchula kuti sing'anga wokondedwa. Ndipo kuti Tomasi atakayika, Yesu sanamuthamangitse, anamuonetsa mabala. Pa Tomasipo mnyamatayo anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu. Anati miyezi yonseyi mutu ukayamba kuwawa ankaganiza kuti ndi tchimo lake, ndiye ankangowonjezera kusala kudya. Ndinamuuza kuti Mulungu amene ndimamudziwa ine samugulitsa munthu chifundo ndi botolo, ndipo sanamusiye ngakhale tsiku limodzi mwa masiku amenewo.

"Mundipempherere."

Ndinafunsa kuti mokweza kapena chamumtima. Anati mokweza pang'ono. Pempherolo silinathe mphindi imodzi, chifukwa a pa bedi 12 anayamba kuitana kuti akufuna chokodzeramo. Nditabwerako anandifunsa komwe ndimapemphera, ndinamuuza. Sindinamuitanire. Ndinamuuza kuti akatuluka apeze mpingo uliwonse womwe sudzamuuza kutaya mankhwala, komanso kuti asaphonye tsiku lake la ku kiliniki.

Lamulungu ndinaweruka 7:30, kusamba, n'kupita ku mapemphero achiwiri maso ali psuu. Nthawi ya zolengeza mkulu wa mpingo uja anafunsa amene abwera ndi mmodzi wawo. Manja anakwera anayi. Mayi wina anabwera ndi mlamu wake, amene ankaoneka ngati anachita kumukoka. Kenako maso anafika pa ine.

"Sisitala, wanu ali kuti?"

"Ali pa dripi, abambo."

Anthu anaseka, iwonso anaseka n'kupitiriza zolengeza za Paper Sunday. Ulaliki sindinaumve, ndinagona mpaka mayi woyandikana nane anandigwedeza pa nyimbo yotsekera.

Madzulo 5 koloko ndinali mu wodi. Pa bedi 3 panali kale munthu wina, wa shuga, bala lili kuphazi. Mnyamata uja anali atakhala tsonga akumwa phala. Botolo la madzi odzozedwa lidakali pa kabati, ndipo mayi ake atandiona analikankhira kuseri kwa fulasiki. Sindinanene kanthu. Ndinamupatsa mapiritsi ake a fluconazole m'dzanja n'kuima pomwepo mpaka anameza.