BMW pakati pa ma Boxer

Pagaraja yathu ku Kapata, mu Chipata, timadyera njinga zamoto, ma Boxer ndi ma TVS a anyamata onyamula anthu: tcheni, klatchi, mabuleki, pulagi, basi. Koma Lolemba lapitali kunafika BMW R 1200 GS ya 2014. Mwini wake ndi bambo wa ku Lilongwe, analowera pa malire a Mwami, ulendo wa ku Mfuwe. Anati anagwa nayo pamchenga, kamkono ka sensa yakumbuyo kanathyoka, wina anawaikira katsopano, ndiye kuchokera pamenepo kumbuyo kwauma gwa, msana ukupweteka.

Njinga imeneyi ili ndi shoko yoyendetsedwa ndi kompyuta, Dynamic ESA, yomwe BMW inaika pa GS kuyambira 2013. Sipulingi sumanga ndi sipanala ngati pa Boxer. Umadina batani kumanzere kwa handulo, injini ikulira njinga itaima, n'kusankha chizindikiro cha chisoti chimodzi (munthu mmodzi), chisoti ndi katundu, kapena zisoti ziwiri (anthu awiri), kamota n'kumanga sipulingi yakumbuyo yokha. Kufewa kwa shoko nako kumasintha uli paulendo, chifukwa kutsogolo ndi kumbuyo kuli masensa ouza kompyuta kuti njinga yatsika kapena yakwera bwanji. Ukasintha sensa kapena shoko, kompyuta iyenera kuuzidwanso poyambira. N'chimodzimodzi sikelo ya ogula soya: ikapanda kuyambira pa ziro, thumba lililonse linama.

Chida chochitira zimenezi ndi GS-911, cholumikiza njinga ku laputopu, chopangidwa ku South Africa. Ine ndilibe, sindingagule chida cha njinga zongodutsa. Ndinaimbira mnzanga ku Lusaka kuti atumize pa basi. Bambo aja anadandaula ndi kudikirako, koma kwa ine nthawi yodikirayo ndiyo inali ya ntchito yeniyeni.

Lachiwiri tinatsuka matope ouma pansi ponse. Kamkono katsopano kanali kabwino, koma kachitsulo komangirapo kanapindika pang'ono pakugwa paja, sensa n'kumayang'ana chammbali. Tinakawongola. Pulagi ya waya inali itachita zobiriwira m'kati, tinapukuta. Ndinagwedezanso tayala lakumbuyo uku ndi uku kumvera ngati mabering'i ali ndi mpata. Anthu amathamangira laputopu, koma kompyuta imakhulupirira chilichonse wailozera. Uikonze kachitsulo kali kopindika, isunga kupindikako ngati choonadi, iwe n'kulandira ndalama, mwini njinga akatulukira vutolo ali ku Jumbe, panjira ya ku Mfuwe.

Batire inapezeka pa 11.9 V, pamene yodzaza imafika cha pa 12.6. Kamota kaja kamakoka moto, ndipo mphamvu ikatsika ntchito ili m'kati, zonse zimaimira panjira. Tinaiika pa tchaja, magetsi anazima madzulo, tinakamalizira kwa mnzathu wa sola. Lachitatu lonse linapita ndi ma Boxer, kuphatikizapo ina yomwe shoko zake zinatha ndi matumba a makala.

Lachinayi m'mawa chida chinafika. Tinaimika njinga pa sitandi yapakati, jeki pansi pa injini, kuti tayala lomwe tikuyeza lilendewere osakhudza pansi. Pulagi yake ndi yozungulira, ya mapini 10, pansi pa mpando. Ndinafufuta zolakwika zakale, n'kuyambitsa. Mnyamata wanga wophunzira ntchito, pofuna kuonetsetsa pa laputopu, anatsamira pa mpando.

"Iwe, chotsa chigongono apo!"

"Pepani abwana, ndimayesa sikanthu."

Tinayambiranso. Kamota kanalira nyiii mpaka kumapeto, kubwerera, zii. Tiyi yemwe anatithirira amayi a pafupi anali asanazizire n'komwe.

Lachisanu ndinaiyesa pa msewu wa ku Chadiza, pomwe pali mabampu okwanira. Kumbuyo kunali kutafewa bwinobwino. Pobwera ndinapeza bambo aja akunena kuti amakonda kuyenda pa zisoti ziwiri ngakhale ali okha, ati njinga imalimba. Ndinawauza kuti, "Bambo, zisoti ziwiri n'za tsiku lomwe mwatenga amayi. Muli nokha ndi mabokosi awa, ikani chisoti ndi katundu." Anaseka, nadina batani, njinga inatsika pang'ono mapazi awo n'kufika pansi. Analipira ntchito ndi ndalama ya basi yobwezera chida ku Lusaka, n'kunyamuka dzuwa lisanapendeke kuti akafike ku Mfuwe kusanade.