Sabata ya tebulo la mlombwa ndi kabati ya mkungudza

Ntchito yanga ndi yokonza mipando yakale ndi kupanga yatsopano, ndipo shopu yanga ili ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Mwezi wa Okutobala ndi umene timatanganidwa kwambiri, chifukwa maukwati amachuluka mvula isanayambe, komanso chifukwa kutentha kwa nyengoyi kumaulula katundu yense amene anapangidwa ndi matabwa aawisi: zitseko za makabati zimapindika, matebulo amang'aluka, ndipo eni ake amathamangira kwa ife.

Lolemba kunabwera banja lina limene langolowa kumene m'nyumba yalendi ku Chilomoni, litanyamula tebulo lodyerapo limene mayiyo anasiyiridwa ndi malemu bambo awo. Pempho lawo linali lakuti ndilipake penti yoyera kuti lifanane ndi kabati yamagalasi imene ankafuna kukagula kusitolo. Ndisanayankhe ndinalitembenuza miyendo m'mwamba, popeza kunsi kumene sikupakidwa vanishi ndi kumene mtengo umaoneka mmene ulili. Linali la mlombwa weniweni, wofiirira, wokhala ndi mizere yopotana, ndipo pulena ya pamanja inasiyamo timigula timene chala chimamva munthu akamasisita. Miyendo yake sanaikhomere ndi misomali ayi, koma anaboola mwendo n'kulowetsamo mutu wa thabwa, kenako n'kutsekera ndi kachikhomo ka mtengo.

“Mayi, tebulo ili ndikhoza kulipenta lero lomwe, koma ndikupempheni kuti muyambe mwaliona nditalipala,” ndinatero.

“Amisiri, ife timaopa kuti alendo azidzati tatola zakale kumudzi,” anayankha motero amuna awo.

Mantha amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ndi amene achititsa kuti matebulo ndi mabedi ambiri abwino atayidwe pakhonde mpaka kuola. Ndinawafotokozera mmene ochita malonda a katundu wotere amamusiyanitsira. Chimene chapitirira zaka 100 chimawerengedwa kuti n'chamakedzana, chimene chili pakati pa zaka 20 ndi 100 n'chakale chabe, ndipo zotsalazo ndi zatsopano. Kuno kwathu zamakedzana zenizeni n'zochepa, pakuti ngakhale Mandala House, imene imadziwika kuti ndi nyumba yakale koposa mwa zimene zidakalipo, inamangidwa mu 1882. Zambiri zimene zimafika m'manja mwathu zinachokera kumamishoni, m'nyumba za boma za ku Zomba, umene unali likulu la dziko mpaka 1975, ndiponso m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Tebulo lawo silinali lamakedzana, koma kufunika kwake sikuli pa zaka zake: thabwa la mlombwa lalikulu chotero, lopanda polumikiza, masiku ano simungalipeze mosavuta ngakhale mutakhala ndi ndalama. Anavomera kuti ndilipale.

Lachiwiri lonse linathera pa ntchito imeneyo, ine ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa, kuchotsa vanishi yakale ndi sandipepa ndi kuthira guluu mwendo umodzi umene unkagwedera.

Lachitatu ndinapita ku okushoni ina ku Limbe, kumene ankagulitsa katundu wa m'nyumba ya anthu amene akusamuka. Kumalo otere munthu amafunika kuugwira mtima, chifukwa chinthu chikangooneka chakuda ndi chonyezimira anthu amayamba kupikisana mitengo osachiyang'anitsitsa. Panali bokosi lina lalikulu limene ambiri ankalizungulira, koma nditalinyamula mbali imodzi ndinamva kuti lapepuka, ndipo nditakanda pang'ono mkati ndi chikhadabo panatuluka paini woyera amene anangomupaka mankhwala odetsa. Masikuluwu ake anali a mutu wa mtanda, amene anayamba kupangidwa cha m'ma 1930, kotero bokosilo silikanakhala la zaka zimene ankalinenera. Chimene chinandikopa chinali kabati ina yosaoneka bwino, ya chitseko chothyoka, imene inaikidwa kumbuyo. Nditatsegula dilowa yake ndinamva fungo la mkungudza wa ku Mulanje, limene silitha ngakhale papite zaka zambiri. Mtengo umenewu chiswe sichiudya ndipo suola msanga, ndipo n'chifukwa chake unadulidwa mopanda chifundo. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha imene inatsala m'phiri lonse la Mulanje. Ndinaigula kabatiyo, ndipo nditafika nayo ndinayala pepala loyera pansi pake kuti ndione ngati m'mawa pakhale ufa, popeza thabwa lakumbuyo linali la mtengo wina ndipo linali ndi timabowo. Timabowo takale sitidetsa nkhawa, koma ufa watsopano umasonyeza kuti tizilombo tidakali mkati, ndipo katundu wotere sayenera kulowa m'nyumba asanathiridwe mankhwala. M'mawa pepalalo linali loyera.

Sindine munthu wonyoza zatsopano, ndipo Lachinayi, pamene ndinaperekeza banja lija kukasankha masofa, ine ndi amene ndinawaletsa kugula ogwiritsidwa kale ntchito. Chimene chili ndi siponji ndi nsalu, monga sofa ndi matiresi, ndi bwino kugula chatsopano, chifukwa siponji ikatha mphamvu siibwerera, ndipo nsikidzi zikabisala m'misoko zimasautsa banja lonse. Komabe sofa yatsopano nayo imafuna kuifufuza. Ndinapempha wogulitsa kuti aipendeketse, n'kusuzumira kuseri kwa kansalu kakunsi, ndipo yoyambayo tinaisiya chifukwa mafupa ake anali a zigwagwa zokhomedwa ndi misomali yokha. Za kabati yamagalasi ija ndinawauza zoona zake, kuti inapangidwa ndi mabolodi a utuchi wopanikizidwa ndi guluu, amene madzi akangowalowa amafufuma osabwereranso, ndipo m'nyumba zathu zimene timakolopa tsiku ndi tsiku imayamba kutha kuchokera pansi. Mayiwo anaikondabe, ndipo ndi ufulu wawo, choncho tinagwirizana kuti ndiiikire timiyendo ta mtengo wolimba kuti isamakhudze simenti, ndiponso kuti asamaisunthe kawirikawiri.

Lachisanu ndi tsiku limene ndimagula matabwa, ndipo ndi limene limandidandaulitsa. Paini wa ku Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inkadyetsa akalipentala a dziko lonse, tsopano amabwera wowonda, wodulidwa asanakhwime, pambuyo pa zaka zambiri za moto ndi kudula kosabwezeretsa. Mlombwa ndi mbawa zimafuna zikalata za ku dipatimenti ya zankhalango, ndipo lamulo la zankhalango la mu 1997 linakhwimitsidwa mu 2020 kuti zilango zikhale zazikulu. Munthu wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ali ndi matabwa a mkungudza ochekedwa kumene. Ndinakana, chifukwa kugula mkungudza wakale umene uli kale m'kabati n'kusunga chuma, pamene kugula wauwisi n'kulipira munthu kuti akamalize zimene zatsala m'phiri. Ndinabwerako ndi malaina ndi paini wochepa, ndipo ndinaziunjika pamthunzi n'kuika timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa.

Loweruka kunabwera bambo wina amene ankafuna bedi la mbawa kuti likhale litatha sabata yamawa, mwana wake wamkazi asanakwatiwe. Mbawa imene ndili nayo, yogulidwa ndi zikalata zake, sinaume mokwanira, pakuti thabwa la mtengo wolimba lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka kuti liume ndi mphepo yokha. Ndinawauza kuti ndikalipanga tsopano, polumikiza pake padzamasuka chaka chisanathe ndipo bedilo lidzayamba kulira. Anakwiya pang'ono, n'kunena kuti amisiri ena a pamsewu womwewo avomera kale. Ndinawaonetsa malaina ouma bwino amene ndinagula chaka chatha, ndipo atawagogoda ndi kuwanyamula anasankha amenewo, ndi pangano lakuti bedilo adzalitenge Lachinayi likubwerali.