Chuma changa cha ku Kraków

Ndili ku Kraków, mzinda wa ku Poland, pa za ntchito, Lamulungu lina ndinakalowa msika wa zinthu zakale ku Hala Targowa. Pansalu ya mkulu wina ndinaona kakhobidi kakuda bii, kochepa ngati chikhadabo. Nditakayandikitsa kumaso, mtima unagunda: 1664! Mtengo wake sunafike ndi wa nkhomaliro womwe. Ndinalipira n'kuchokapo chothamanga, kuopa kuti mkuluyo angadzidzimuke.

Madzulo ndinaimbira amayi akunyumba. "Mayi, uzani amisiri abwere adzayeze malata."

"Bambo, mwamwa chiyani kumeneko?"

"Inu ingowauzani."

Koma chuma chakuda choncho angagule ndani? Ine ndinakula ndikukwecha mapoto. Mandimu, mchere, mswachi wanga womwe, mpaka pakati pa usiku. Kutacha kanali psuu ngati waya wamagetsi, kungoti mutu wa mfumu unali utayamba kufanana ndi mbatata.

Kusitolo ya makobidi akale ndinapeza bambo wachikulire. Anakayang'ana pagalasi lokulitsira, n'kuusa moyo. "Wachita zimenezi ndani?" Ine n'kudziguguda pachifuwa. Iwo sanayankhe, anangowerama n'kutulutsa chibotolo chodzaza tii ndi timakobidi tofanana ndi kanga.

Dzina lake ndi boratynka, anatero. Nkhondo ndi Sweden itasakaza Poland, Mfumu Jan Kazimierz inasowa cholipira asilikali, ndiye kuyambira 1659 munthu wa ku Italy, Tito Livio Burattini, anayamba kusula timakobidi tamkuwa timeneti. Anasula mamiliyoni mazanamazana, akathyali nawonso n'kuwonjezera tawo tabodza, moti mpaka lero anthu amangotitola m'minda. Anandionetsa zilembo T.L.B. pansi pa mutu wa mfumu, kenako kuseri: ta Lithuania, dziko lomwe linali pansi pa mfumu yomweyo, tili ndi msilikali pakavalo, ta Poland chiwombankhanga. Changa chinali chitasanduka nkhuku yonyowa.

Chinandimaliza n'choti kuda kuja, komwe ndinachezera kuchotsa, ndi komwe osunga makobidi amafuna. Zaka zoposa 350 kakhobidi kanapulumuka nkhondo ndi dzimbiri, n'kudzafera m'manja mwanga ndi mandimu awiri.

"Ndiye mundipatsa zingati?" ndinafunsabe, poti manyazi anali atatha kale. Bambowo anandipatsa kathumba kapulasitiki, kaulere, koti ndisungiremo.

Ndikutuluka, foni inalira. "Bambo, amisiri aja afika. Akuti mutumize kaye ya misomali."