Funso la amayi a pa mjigo

Magetsi azima, kutentha kwa Okutobala sikukulola tulo, ndipo funso la amayi aja likungozungulira m'mutu. Iwo ndi msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi wina kuno ku Ntcheu. Tinaima pa mjigo umene unaleka kutulutsa madzi m'dzinja lapitali. Chapafupi pomwepo pali zikhomo zimene bungwe lina lakunja lakhoma posonyeza malo odzakumbapo watsopano.

"Achimwene, ndifunseko. Watsopanowo ukadzafa, adzabweranso kudzakumba wachitatu?"

Ndinangoti, "Amayi, tiyeni tione kaye chavuta ndi wakalewu."

Makaniki wa m'deralo anatsegula mutu wa pampu ndi sipanala imodzi, anyamata atatu n'kuyamba kuzula ndodo. Pampu ya mtundu umenewu, Afridev, anaipanga dala kuti izi zizitheka kumudzi: ndodo zake, za mamita 3 iliyonse, zimakolana ndi ngowe, ndipo plunger (kachipangizo kokankhira madzi m'mwamba) ndi foot valve (chotsekera cha pansi choletsa madzi kubwerera) zimatulukira m'kati mwa paipi, mapaipiwo osawagwedeza n'komwe. Plunger itatuluka tinaona U-seal, kalabala kozungulira kamene kamakweza madzi, katapyapyala ngati tsamba n'kung'ambika mbali imodzi. Bobbin, kalabala kotseka ndi kutsegula njira ya madzi mu foot valve, anali atadyeka, choncho madzi otsala m'paipi ankabwerera pansi. Tinthu tiwiri tokwana m'chikhatho ndi timene taumitsa mudzi wonse miyezi yonseyi.

Chinandiwawa kwambiri chili pa chogwirira. Pamenepo pamakhala ma bush bearing anayi apulasitiki, oteteza kuti zitsulo zisakhulane popopa, ofunika kusintha chaka ndi chaka. Awa anatha kalekale, anthu n'kumangopopabe, chitsulo n'kumadya chitsulo chinzake mpaka bowo la pini latambasuka. Pamene pakanalowa ndalama ya nkhuku imodzi tsopano pakufunika ya mbuzi.

Mjigo suferatu tsiku limodzi, umayamba wadandaula. Madzi akayamba kutuluka bwino, ikani ndowa n'kupopa ka 40 mokwanira pa mphindi imodzi. Pazituluka malita pafupifupi 15; akachepera 10, itanani makaniki. Kenako usiyeni upume mphindi 30. Mukapopa koposa kasanu madzi asanatuluke, ndiye kuti pena pakudontha, kaya pa foot valve, pa O-ring (kalabala kotseka mpata), kapena polumikizira mapaipi. Amayi aja anati maphunzirowa anachitika kamodzi, mjigo uli watsopano. Mwa anthu khumi a m'komiti, awiri amene anagwira sipanala tsikulo anachoka: wina ali ku Joni, wina anakwatiwa kutali.

Mtima sukukhazikika ndikakumbukira kuti nzeru ya pampu imeneyi inaphukira m'boma lomwe lino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito ya mijigo ya ku Livulezi, anagwiritsa ntchito pampu yotchedwa Maldev, imene pambuyo pake inakonzedwanso ku Kenya mothandizidwa ndi World Bank ndi UNDP n'kukhala Afridev. Cholinga chonse chinali chakuti mudzi uzikonza wokha. Zaka 40 zadutsa, koma U-seal kuti uyipeze uyenera kukwera kabaza ndi minibasi kukafika kuboma, ndalama ya ulendo n'kuposa mtengo wa labalayo.

Sindikunyoza othandiza. Popanda iwo midzi yambiri ikanamwerabe pamodzi ndi ng'ombe. Koma ndalama zawo zimakonda chinthu chowerengeka: mijigo yakuti yakumbidwa, uliwonse wa anthu 250, pasanathe mtunda wa mamita 500. Mjigo wokonzedwa suoneka bwino mu lipoti, ulibe mwambo wodula riboni. Pulojekiti imatha pakapita zaka zitatu, galimoto n'kupita, ofesi ya zamadzi kukhonsolo n'kutsala yopanda mafuta a njinga yamoto yoyendera mijigoyo.

Ndinawauza amayiwo zoti akafunse watsopanoyo asanakumbidwe, ngati adzapatsidwe mpata woyankhula. Akumba liti? Wokumba m'dzinja amapeza madzi pafupi n'kulekera pomwepo, kufika Okutobala silinda, paipi yapansi m'mene plunger imayenda, ili pouma. Ayesa maola angati kupopa kuti aone ngati madzi akubwerera msanga? Ndodo aika zamtundu wanji? Madzi akakhala a asidi, muyeso wake wa pH wosafika 6.5, ndodo zachitsulo chokutidwa ndi zinki (galvanised) zimachita dzimbiri, madzi n'kufiira n'kumathimbiriritsa nsima ndi zovala. Pamenepo pamafunika za stainless steel, zosachita dzimbiri. Ndiponso kontrakitala akamalipidwa pokhapokha wapeza madzi, amathamangira kukumba pamene mpophweka kwa iye, ndipo bowo la madzi ochepa amalipereka ngati labwino. Pakhale munthu wodziwa woyang'anira kuyambira tsiku loyamba, ndipo pepala losonyeza kuya kwa bowo ndi pamene pali silinda litsale m'manja mwa komiti.

Anamvetsera, kenako anamasula mpango n'kutulutsa kope la ndalama. Miyezi yoyamba maina ali ndandanda. Kuyambira Januwale, nthawi ya njala, masamba ali mbee.

"Munthu alibe ufa m'nyumba, ndikamuuze za labala? Ndiye ukafa amati ndalama munadya ndinu a komiti."

Pamenepo ndinasowa chonena. Ndinatchula zosonkha chimanga nthawi yokolola, chigoba pa banja, komiti n'kugulitsa mtengo ukakwera. Ndinatchulanso zoika ndalamayo ku banki mkhonde kuti isamangogona m'chitini kwacha ikugwa. Anagwedeza mutu, koma maso ali kudambo, kumene atsikana awiri ankakwera ndi zigubu zachikasu kuchokera pa chitsime chosaphimba. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mvula ili pafupi.

Makaniki wati U-seal ali nayo imodzi m'chikwama, bobbin alibe. Ndodo tazisiya zitasanjidwa pa miyala kuti zisatole mchenga, mfumu yauza mnyamata azilondera usiku uno. Za chogwirira chija sitinagwirizane kanthu.