Kusiya ntchito n'kukaphunzira zojambula: penshoni inandionetsa zakuda

Fizi ya semesita yoyamba ndalipira, mtima wakhala pansi, ndiye ndifotokoze mmene zinayendera kuti mwina wina athandizike. Ndili ndi zaka 39, ndipo ndinasiya ntchito yosunga katundu pa kampani ina ya malole ku Limbe kuti ndikaphunzire zojambulajambula ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambirife timangoti ku Chanco. Ana ochoka ku Fomu 4 amasankhidwa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, koma ife akuluakulu timalowera khomo la mature entry, kulembera ku yunivesite komweko akalengeza. Za mafomu ndi kudinditsa makope a satifiketi ya MSCE sindichedwa nazo, aliyense akhoza. Nkhani yagona pa ndalama.

Ngongole ya ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ine sindinaiwerengere n'komwe. Werengani kaye malamulo awo a chaka chimenecho muone ngati a mature entry akuloledwa, musanaiike pa bajeti yanu. Chomwe ndinkadalira ndi penshoni. Lamulo limati wantchito adulidwe 5 peresenti ya malipiro, bwana awonjezere 10 peresenti, zonse zipite ku kampani yosunga penshoni. Ndipo lamulo la penshoni la 2023 linachepetsa nthawi yodikira munthu ukachoka pantchito, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3, usanapemphe kutapako.

Nthawi itakwana ndinapita ku kampani yosunga penshoni kukaitanitsa sitetimenti. Mayi amene anali pa kauntala anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha, nati, "Bambo, abwana anu analeka kalekale kutumiza." Miyezi yambirimbiri inali yopanda kanthu. Koma pa payslip iliyonse ndalama ija inkadulidwa, mwezi ndi mwezi! Ndalama yanga, thukuta langa, anthu ankangoyendetsera bizinesi yawo. Choncho imvani, musanapereke kalata yosiya ntchito, kaitanitseni sitetimenti ya penshoni, muifananitse ndi ma payslip anu. Mukadali mkati mawu anu amamveka. Mukatuluka pageti mumasanduka mlendo.

Tsiku limene linandipweteka kwambiri ndi lomwe a ku kampani ya malole ija anandiuza pafoni kuti ndibwere, cheke cha ndalama za penshoni zija chakonzedwa. Ndinadzuka tambala woyamba ku Zomba, n'kukwera minibasi ndi ndalama yobwereka. Anandikhazika pa benchi ya alonda, pamalo pomwe ndinagwira ntchito zaka zambiri, kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Amene ndinkadya nawo nsima masana ankangodutsa maso ali kumbali. Kenaka mnyamata wa ku akaunti anatuluka n'kuti, "Pepani achimwene, osayinira apita kumaliro, mubwere sabata yamawa." Galimoto ya osayinirayo inali pompo pansi pa mtengo wa mango. Tsiku limenelo linali lomwe ndinayenera kumaliza chikwangwani cha kasitomala, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa wina.

Zinayamba kusuntha nditalemba kalata yodandaula kwa Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank, amene amayang'anira za penshoni, n'kukasiya kope ku kampani ya malole ija. Ndinamatirapo ma payslip onse ndi sitetimenti ija. Musataye payslip ngakhale imodzi. Ndalama zinalowa pang'onopang'ono, zina mpaka lero ndikulondolabe.

Ndaiwala kunena kuti fizi sinadikire zonsezi. Yoyambirira inachokera ku SACCO, komwe ndinali ndi masheya kuyambira kale, ndipo ngongoleyo ndinaitenga ndidakali pantchito chifukwa wopanda malipiro a pamwezi amavutika kupeza womuikira kumbuyo. Mkazi wanga anatapanso ku banki mkhonde, koma imeneyo ndi yothamangira mwadzidzidzi basi, chiwongoladzanja chake cha pamwezi chimaluma. Katapila ndiye musayerekeze.

Chinanso chimene anthu sakuuza n'chakuti sukulu ya zojambula imadya kawiri: fizi, kenaka zipangizo. Penti wa acrylic, maburashi ndi mapepala okhuthala zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo inalumpha osabwereranso. Kanivasi yogula kale ine ndinaisiya. Ndimagula nsalu ya kaliko pamsika, kalipentala amandikhomera mafelemu a paini, ndimaikoka ndi kuikhoma bwinobwino, kenaka ndimapaka PVA woyera, penti wopaka makoma uja, wosakaniza ndi guluu wa matabwa kawiri kapena katatu. Pophunzirira imagwira ntchito ndithu. Makala ojambulira ndimawotcha ndekha timitengo tating'ono m'chitini chotseka chobowola pamwamba.

Ndalama ya chakudya ndi lendi imachokera m'manja momwemu: kulemba zikwangwani za magolosale ndi masaluni, kujambula nkhope ndi pensulo za mphatso za paukwati. Landirani theka ntchito isanayambe, ngakhale akhale mbale wanu. Ena kumudzi akundinenabe kuti ndataya ntchito chifukwa cha zachibwana, koma luso limadyetsa anthu, kaoneni osema a ku Kungoni ku Mua, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Fizi ya semesita yachiwiri ndayamba kale kuponya ku SACCO, ndipo Lolemba ndikulemberanso kampani ija za miyezi yotsala. Inu amene mukadali pantchito, kaitanitseni sitetimenti ija sabata ino.