Ulendo wa ku Bingu: tsiku limene Salah anatigawanitsa

A Tcheya andituma kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Lilongwe wokaonera mpira wa Flames ndi Egypt kuti nkhani ikhale imodzi. Pa Lizulu pano aliyense akuifotokoza mwakemwake, ndipo ena amene sanapite nawo ayamba kuthirako mchere wawo. Ndiye nayi monga ndinaionera ine mlembi wanu.

Ganizo linabadwira mu vidiyo sho usiku wa pa 5 March 2023, pamene Liverpool inkasambitsa Manchester United chokweza, zigoli 7 kwa duu, ziwiri mwa izo za Mohamed Salah wa ku Egypt. A Man U athu anali atayamba kuzemba mmodzimmodzi pamene a Kochi anaimirira n'kunena kuti, "Anthuni, munthu akukulizaniyu akubwera ku Lilongwe mwezi uno. Tidzamuonerenso pa sikirini ali pakhomo pathu?" Kutacha, mayi Msungichuma anali atatsegula kale tsamba latsopano m'buku la zopereka.

Kenako kunagwa namondwe wa Freddy. Tinamva za ku Chilobwe, za ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, ndipo za mpira zinayamba zaiwalika. Ena anati ulendo ulephereke. Titakhala pansi tinagwirizana kuti gawo lina la ndalama, zovala, ndi matumba a mbatatesi amene alimi athu anapereka, zipite kwa abale athu a kummwera kudzera ku tchalitchi, koma ulendo ukhalepobe. Ndalemba izi kuti wina asadzanene kuti gulu linangoganiza za chisangalalo chake.

Mukudziwa mmene timakhalira FIFA ikaimitsa maligi a ku Ulaya kuti osewera akatumikire maiko awo. Mabenchi a mu sho amakhala opanda anthu, jenereta imazima msanga, ndipo ambiri a ife timangopemphera kuti wosewera wa timu yathu asakathyoke mwendo kwawoko. A Arsenal, amene anali pamwamba pa ligi, ankadandaula kuti kupumaku kuwaziziritsa anyamata awo. Paja sabata yotere timaitcha sabata ya njala. Koma ulendo uno ndi sabata ya njalayo imene inatibweretsera Egypt, m'masewero olimbirana malo ku AFCON (mpikisano wa maiko a mu Africa) ya ku Ivory Coast, mmene tinali gulu limodzi ndi Guinea ndi Ethiopia. Lachisanu pa 24 March anali atatigonjetsa 2-0 ku Cairo, zigoli za Salah ndi Omar Marmoush, ndipo Lachiwiri pa 28 March 2023 inali nthawi yathu yowalandira.

Mkangano woyamba unabuka dalaivala asanalize n'komwe injini. Tinapangana kuti aliyense avale zofiira, ndipo anthu anamveradi: zofiira za Bullets, zofiira za Man U, zofiira za Arsenal. Majezi enieni a Flames anali owerengeka. A Manoma, otsatira Wanderers, anati iwo zofiira zimawayabwa thupi, choncho anabwera m'malaya oyera atadzikulunga mbendera. Pomaliza anatulukira mphwathu wometa uja, amene pakhoma la shopu yake pali chithunzi cha Salah chachikulu kuposa galasi. Anavala jezi ya Liverpool, kumsana nambala 11 ndi dzina lomwe.

A Tcheya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mphwanga, ukukachemerera ndani?"

"Madala, munati zofiira. Iyi si yofiira?"

Zikanatitayitsa nthawi zimenezi, koma mayi Msungichuma anamasula chitenje chawo cha mbendera n'kumufunditsa kumsana, namuuza kuti asachichotse mpaka tidzafike kunyumba. Tinapemphera n'kunyamuka. Pa Dedza tinadutsa nkhungu idakali paphiri, a Maule, otsatira Bullets, akuimba zawo kumbuyo, a Manoma akuyankha kutsogolo, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko anatiuza kuti tikamubweretsereko chigoli ngakhale chimodzi.

Chakufupi ndi Linthipe tinangomva phuu! Minibasi inayamba kuvina, koma dalaivala anagwira chiwongolero mwamphamvu n'kuikokera pambali bwinobwino. Munthu ameneyu tiyenera kumuthokoza, chifukwa mbali inayo kunkabwera thiraki. Tayala la kumbuyo linali litang'ambika. Kondakitala atatulutsa sipeya, anaiponya pansi ndipo siinadumphe, inangoti phwa. Inalibe mpweya. Apa ndi pamene a Kochi anayamba ntchito yawo. Anaima chapatali, manja kumbuyo, n'kumalangiza aliyense poika jeke, pogwira sipanala, ngakhale poima. Jeke inkangomira m'dothi lonyowa mpaka anyamata anakazula mwala wafulati m'mbali mwa munda n'kuikhazikapo. Kondakitala anakwera kabaza atakumbatira sipeya kupita pa tredingi senta, ife n'kutsala pansi pa mtengo wa mango.

Ndinene pano kuti chakudya cha pansi pa mtengo chija chinakoma kuposa chilichonse chimene tinachiona ku Lilongwe. Mayi Msungichuma ndi alamu athu ogulitsa kabichi anati palibe chifukwa chodikira masana. Anavundukula mapoto: mbatatesi yophika ndi tomato ndi anyezi, idakali yofunda chifukwa anaikulunga m'bulangeti, ndi nkhuku ziwiri za lokolo zokazinga mpaka kufiira. Thobwa linali m'chigubu chachikasu, makapu atatu okha, timangolandirana. Mayi wina amene ankapalira nyemba pafupi anatimvera chisoni, natithyolera dowe m'munda mwake, ndipo anyamata anakoleza moto pompo. Titafuna kumulipira anakana, anati, "Mukangowina basi." Mayi ameneyu a Tcheya akuti tikadzadutsanso tidzamusiyire thumba la mbatatesi.

Pamenepo ndi pamene panasowa nthutumba. Nkhuku zinali ziwiri, nthutumba zinayenera kukhala ziwiri, ina ya a Tcheya, ina ya madala athu a Manoma monga akuluakulu. M'poto munapezeka imodzi. A Maule analoza a Manoma, a Manoma analoza wa Chelsea amene anakhala pafupi ndi poto kuyambira pa Lizulu, iye n'kumalumbira pakamwa pakung'anima mafuta. A Tcheya anaipereka yotsalayo kwa madala, nati mlandu udzazengedwa kunyumba.

Madala atadya nthutumba yawo anatsegula nkhani. Anatikumbutsa kuti Flames inatenga chikho cha East and Central mu 1978 ndi 1979, n'kudzatenganso mu 1988, ndipo kuti AFCON yathu yoyamba mu 1984 inali ku Ivory Coast komweko kumene tikufuna kupita. Iwo zonsezi ankamvera pa wailesi ya mabatire, mudzi wonse utazungulira. Kenako ananena mawu amene ndinawalemba m'kope langa: "Ine ndine Noma chibadwire. Kinnah Phiri anali wa Bullets, ndipo ankatiliza koopsa. Koma akavala ya Flames, ndinkavina chigoli chake mpaka fumbi." A Kochi anawonjezera za 2010 ku Angola, Kinnah yemweyo ali mphunzitsi, pamene tinathambitsa Algeria 3-0, zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Achinyamata nawo anati musaiwale January 2022 ku Cameroon: ziwiri za Gabadinho Mhango pogonjetsa Zimbabwe, kulepherana ndi Senegal ya Sadio Mané, ndi chigoli chija Gabadinho anaponyera kutali goloboyi wa Morocco n'kungochiyang'ana. Usiku umenewo pa Lizulu palibe anafunsa mnzake kuti amasapota timu yanji. Tayala litabwera tinakwera tonse tili a Flames, mitima ili m'mwamba.

Chifukwa cha kuchedwako, kucheza ndi gulu la anzathu a ku Kawale amene anatiitana kunafupika. Anationetsa mmene amasungira ndalama za maulendo mwa banki mkhonde, mmene amagulira matikiti pamodzi tsiku lisanafike, ndi lamulo lawo loti membala woponya botolo kapena mwala m'bwalo amachotsedwa m'gulu. Tinawapatsa kabichi ndi mbatatesi, iwo anatipatsa mavuvuzela awiri, ndipo alonjeza kudzatiyendera.

Ambiri a ife kanali koyamba kulowa m'bwalo la Bingu ku Area 48. Linatsegulidwa mu 2017 ndipo mumalowa anthu oposa 40,000, koma kumva ndi kuona n'zosiyana. Alamu anaima pamwamba pa masitepe n'kungoti, "Kapinga ameneyu amamuthirira ndi chiyani?" Tikumbukenso kuti mu 2021 masewero athu ena a pakhomo ankachitikira ku Orlando Stadium ku Johannesburg, ndiye kuona Flames pa dothi lathu ndi mwayi woyenera kuusamala. Poimba nyimbo ya fuko madala anavula chipewa, ndipo ndinaona milomo yawo ikunjenjemera.

Koma chinthu chinali chitaoneka kale pamene matimu anatuluka kudzatenthetsa thupi. Salah atangoponda kapinga, mbali yathu yonse mafoni anakwera m'mwamba, anthu akukuwa dzina lake. Anyamata athu anali pompo, akuthamanga mbali inayo, ndipo amene ankawayang'ana anali ochepa. Zinandiwawa. Ndinadzifunsa kuti mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Karonga, wavala jezi ya dziko lake pakhomo pake, akumva bwanji anthu akwawo akuitana mlendo.

Za mpirawo sinditalikitsa. Tarek Hamed anamwetsa tisanakhazikike n'komwe, Marmoush anawonjezera, ndipo chigawo choyamba chisanafike ndi pakati pomwe Salah anaponya chachitatu. Apa mphwathu wometa anadzuka, manja m'mwamba, n'kukuwa ndi mawu onse. Chitenje chija chinagwa, nambala 11 ili poyera. Sanali yekha, anthu ena ambiri ozungulira anachita chimodzimodzi, koma iye anali wathu. A Tcheya sanayankhule. Anatola chitenjecho, anachikuntha fumbi, anachipinda n'kuchiika pamiyendo pawo. Mnyamatayo anakhala pansi pang'onopang'ono. Zizo anamwetsa chachinayi chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndipo zinathera pa 4-0.

Chimene chinandikhumudwitsa mofanana ndi chimenechi n'chakuti a Maule ndi a Manoma, amene tinadya nawo dowe limodzi, anayambiranso zawo. Wosewera akataya mpira, funso linali loti ndi wa timu yanji. Akakhala wa Bullets, a Manoma amati mwaona anthu anu. Akakhala wodzera ku Wanderers, a Maule amabweza. Wa Silver yekha amene tinali naye ankawaseka onse.

Pobwerera munali zii mpaka pa Nathenje. Ndi alamu amene anayambitsa. "Achimwene, mwasangalala? Mwawina?"

Wometa anayankha modzichepetsa, ndipo mawu ake ndiwalemba monse chifukwa ena akuwapotoza. "Alamu, sabata iliyonse ndimakhala ndi Salah. Akavulala ndimasowa tulo. Flames ndimaiona kangati pachaka? Miyendo inangodzuka yokha. Sindinafune kuti Malawi iluze, ndinangofuna kumuona akumwetsa ndi maso angawa."

Wa Arsenal anamuikira kumbuyo, nati tisanamizane, theka la minibasi linapereka ndalama chifukwa cha Salah, osati Flames. Panabuka phokoso, aliyense akuyankhula, mpaka dalaivala anaopseza kuti aimika galimoto. Alamu anadikira kuti kukhale bata n'kunena kuti, "Salah ali ndi Egypt yonse yomuchemerera, ali ndi Liverpool, ali ndi dziko lonse lapansi. Ana athu aja ali ndi ife basi. Tikawathawa ife, atsala ndi ndani?" Madala anangowonjezera kuti mlendo ndi mame.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndinawanena m'galimoto momwemo. Mphwathuyu sananame, ndipo sindimuda. Chikondi cha timu ya ku England chimaleredwa sabata ndi sabata pa benchi ya mu sho, pamene Flames imabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri ndi zowawa. Koma kuimirira kuja kunali kulakwa. Salah yemweyo anasiya jezi ya Liverpool ku England, anavala ya kwawo, n'kuuluka ulendo wonsewo kudzamenyera Egypt pa Lilongwe. Wometa wathu ndiye anabwera atavala jezi imene mwini wake anaivula. Ngati timamukondadi munthuyu, titengereko chimenechi. Kumuombera m'manja mpira utatha, kumujambula, palibe angaletse. Koma mphindi 90 zija ndi za ana athu, kaya akuwina kaya akudya zinayi. Ndipo a Maule ndi a Manoma asadzione oyera pa nkhaniyi, chifukwa kunyoza wosewera wa Flames poti amachokera ku timu ya adani ndi matenda omwewo.

Tinakumana Lamulungu pa 2 April, a Liverpool ali ofatsa chifukwa dzulo lake Manchester City inali itawakwapula 4-1, ngakhale Salah ndiye anayamba kumwetsa. Tinagwirizana kuti thumba la gulu liyambe kugula majezi a Flames pang'onopang'ono, ndipo pa tsiku la Flames jezi ya kalabu iliyonse, ya kuno kapena ya kunja, izitsala kunyumba. Wotchula kalabu ya wosewera pomunyoza adzagula chigubu cha thobwa. Wometa anapepesa kwa a Tcheya ndi kwa madala, ndipo walonjeza yekha kuti pambali pa chithunzi chija aika cha Flames cha msinkhu womwewo. Ndinadutsako dzana, khoma walipaka kale laimu. Guinea inkayembekezeka kubwera mu September 2023, ndipo buku la zopereka linatsegulidwa.

Zikomo a Tcheya chifukwa cha kuleza mtima kwanu. Zikomo mayi Msungichuma ndi alamu, amene munadzuka usiku kuphika ndipo ndalama zonse mwaziwerengera poyera mpaka ya kabaza. Zikomo dalaivala ndi kondakitala, koma mwini galimoto tamuuza kuti ulendo wina sipeya tidzaiponda tokha tisanakwere. Zikomo anyamata a mwala wafulati, zikomo a Kochi poyang'anira ntchito yonse, zikomo anzathu a ku Kawale, ndi akazi ndi amuna athu amene anatsala akutigwirira mabenchi pa msika tsiku la ntchito. Amene simunamalize ya mafuta muonane ndi mayi Msungichuma mwezi usanathe. Chivundikiro cha poto wamkulu sichinapezekebe, amene anatsika nacho abweze. Mlandu wa nthutumba a Tcheya akuti uzengedwa pa msonkhano ukubwerawu, ndipo wa Chelsea abwere ndi mboni zake.